Ndinapita kawiri ku matanthwe a Longmen ndisanamvetse zimene ndinkaona

Ndinakhala zaka zinayi mumzinda wa Zhengzhou, womwe ndi likulu la chigawo cha Henan m'dziko la China, ndikuchita maphunziro a zomangamanga, ndipo m'zaka zimenezo anzanga ambiri ochokera kumudzi ankandifunsa za matanthwe osemedwa a Longmen, omwe ali pafupi ndi mzinda wakale wa Luoyang. Pafupifupi onse ankafunsa za sitima yokwera ndi mtengo wa tikiti, ine n'kumawayankha zomwezo basi. Lero ndikuona kuti sindinkawathandiza mokwanira, chifukwa kufika pamalopo n'kosavuta, koma kuti munthu aone zimene zilipo pamafunika kukonzekera. Ineyo ndinapitako kawiri. Ulendo woyamba ndinabwerako ndi miyendo yowawa komanso foni yodzaza ndi zithunzi, ndipo mlongo wanga atandifunsa kuti anthu akalewo ankasemeranji ziboliboli za chipembedzo cha Chibuda zochuluka chomwecho, ndinasowa chonena, ngakhale kuti tsiku lonse ndinali nditaswera pamaso pa zibolibolizo.

Ulendo woyambawo unali mu Okutobala chaka cha 2018, m'sabata ya tchuthi chokumbukira kukhazikitsidwa kwa dziko la China, chomwe chimayamba pa 1 Okutobala. Uku kunali kulakwitsa koyamba, poti sabata imeneyo dziko lonse limakhala paulendo. Tinalipo asanu ndi mmodzi, ndipo sitima yaliwiro inatitenga pafupifupi mphindi 40 kuchokera ku Zhengzhou kukafika pa siteshoni ya Luoyang Longmen. Titalowa pachipata tinapeza chikhamu cha anthu chomwe chinkangotikankha kupita kutsogolo, moti malo amene munthu ukanafuna kuima sunkaima, ndiponso theka la nthawi yathu linathera pojambulitsa ndi mabanja amene anali asanaonepo munthu wakuda pafupi. Chimene tinakhalitsapo chinali chiboliboli cha m'phanga lina chimene chala chake chachikulu chinathyoka, kotero kuti dzanja likuoneka ngati likuimika zala ziwiri monga amachitira achinyamata pojambulitsa. Aliyense ankaseka n'kuimikanso zala, ifenso tinachita chimodzimodzi. Ndivomerenso kuti mumtima ndinali womangika, chifukwa ndinakulira mumpingo momwe lamulo loletsa mafano tinaliloweza tili aang'ono, ndipo mnzanga wina anakana kukwera masitepe n'kutsala pansi akuyang'ana mtsinje.

Chaka chotsatira bambo anga anamwalira ine ndili mkati mwa mayeso, ndipo sindinathe kupita kumaliro. Patapita miyezi ingapo abale anayamba kusonkha ndalama zomangira chiliza, n'kundipempha ine, monga mwana wophunzira, kuti ndisankhe mawu oti alembedwepo. Ndinkangozengereza. Pa nthawiyo ndinali nditazolowerana ndi bambo ena achikulire oyandikana nawo nyumba, mphunzitsi wa mbiri yakale wopuma pantchito, amene ankandikonza Chitchaina changa ine n'kumawathandiza Chingerezi. Ndinkawaitana kuti laoshi, kutanthauza aphunzitsi, monga mwa ulemu wa kumeneko. Nditawafotokozera za chilizacho anakhala chete kanthawi, kenaka anandifunsa ngati ndinafikapo ku Longmen. Nditayankha kuti ndinafikako kale, anandifunsa ngati ndinawerengapo mawu ngakhale amodzi olembedwa pamatanthwewo, ndipo nditavomera kuti sindinadziwe n'komwe kuti pali zolembedwa, anati tikapite limodzi Lachiwiri lotsatira, sitima yoyambirira. Umenewu unali mwezi wa Novembala chaka cha 2019.

Malowo ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 12 kummwera kwa Luoyang, pamene mtsinje wa Yi umadutsa pakati pa mapiri awiri oyang'anizana ngati mphuthu za chitseko. Dzina loti Longmen limatanthauza chipata cha chinjoka. M'matanthwe a mbali zonse ziwiri, pamtunda wokwana pafupifupi kilomita imodzi, muli mapanga ndi timapanga toposa 2,300, ziboliboli pafupifupi 100,000 ndi zolembedwa pamwala pafupifupi 2,800, ndipo bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2000. Manambala amenewa ndinawaona pachikwangwani ulendo woyamba, ndipo sanandiuze kanthu. Alendo onse amalowera chakumpoto n'kumatsika ndi phiri la kumadzulo kulowera kummwera, koma aphunzitsiwo anandiletsa kuyang'ana kumanja kapena kukwera masitepe alionse mpaka titafika chakumapeto, paphanga lotchedwa Guyang. Ananena kuti limeneli ndilo phanga lakale kuposa onse, koma anthu amalifika atatopa kale ndiponso ataona chiboliboli chachikulu, choncho amangosuzumira n'kudutsa.

Phanga la Guyang ndi lakuya ndiponso lamdima, ndipo mlendo saloledwa kulowa, amaima pakhomo kuseri kwa mpanda. Makoma ake, mpaka kudenga, ndi odzaza ndi timapanga tothithikana, kalikonse kali ndi chifanizo chake, ndipo pambali pa tambiri pali kachigawo kosalazidwa kolembedwa mawu. Aphunzitsiwo anatulutsa m'chikwama kabuku kakale ka masamba akuda okhala ndi zilembo zoyera. Anandifotokozera kuti anthu amanyowetsa pepala lopyapyala, kulimata pamwala wolembedwa, kuligogoda pang'onopang'ono kuti lilowe m'mizere, kenaka kulipaka inki pamwamba, ndipo zilembozo zimatsala zoyera. Zolembedwa 20 za ku Longmen zimatchuka m'dziko lonse la China monga zitsanzo za kalembedwe kabwino ka nthawi ya ufumu wa Wei, ndipo 19 mwa zimenezo zili m'phanga limeneli, moti anthu ophunzira kulemba ndi burashi amazikopera mpaka lero, ena osasamala n'komwe za uthenga wake.

Tsamba limene anatsegula linali la mawu olembedwa m'chaka cha 495. Mayi wina wa banja lachifumu, wa mtundu wa Yuchi, mwana wake wamwamuna dzina lake Niujue atamwalira, analemba ntchito amisiri kuti aseme chifanizo cha Maitreya, amene Abuda amakhulupirira kuti ndi Buddha wodzabwera m'tsogolo. Aphunzitsiwo anawerenga mzere uliwonse akulondola ndi chala, n'kumandimasulira m'Chitchaina chosavuta. Mayiyo akupempha kuti mwana wake amasuke ku dziko la kubadwa ndi kufa, kuti ngati abadwanso abadwire kumwamba kumene kuli a Buddha, kuti ngati abadwira pansi pano akakhale pamalo a chimwemwe, ndi kuti ngati ali m'masautso amasulidwe msanga. Pomaliza akupempha kuti zamoyo zonse zilandire nawo dalitso lomwelo. Atamaliza kuwerenga analoza chapamwamba pakhoma lakumanja kuti kaphanga kake kali chakumeneko. Sindinathe kukasiyanitsa bwino ndi tinzake chifukwa cha mdima, koma ndinaima pamenepo nthawi yaitali, poti ndinazindikira kuti chimene ndinkachiona ngati khoma la mafano chinali khoma la anamfedwa.

Apa m'pamene pagona tanthauzo la malowa, ndipo amene walimvetsa saonanso Longmen monga kale. M'chiphunzitso cha Chibuda, ntchito yabwino monga kusemetsa chifanizo cha Buddha, kukopera malemba kapena kudyetsa amonke imabala phindu lauzimu, lomwe m'Chitchaina amati gongde, ndipo mwini wake angathe kulipereka kwa munthu wina, makamaka womwalira amene akuyembekezera kubadwanso. Chikhulupiriro chimenechi chitafika ku China chinapeza anthu amene kale lomwe ankaona kulemekeza makolo, amoyo ndi akufa omwe, ngati udindo woposa wina uliwonse, ndipo ziwirizi zinagwirana msanga. N'chifukwa chake zolembedwa zambiri zimatchula dzina la wopereka ndalama, tsiku, chifanizo chimene wasemetsa ndi munthu amene akumuchitira, kaya ndi bambo, mayi, mwamuna, mkazi kapena mwana. Ndinauza aphunzitsiwo kuti zikufanana ndi chiliza cha kwathu. Anavomera pang'ono chabe, n'kundikumbutsa kuti m'timapangamo simunaikidwe mitembo, ndiponso nkhope yosemedwayo si ya womwalirayo koma ya Buddha. Chiliza chimasonyeza pamene munthu wagona, pamene kaphangako kankapangidwa kuti kamuthandize kumene akupita. Kusiyana kumeneku n'koona, ndipo sindikufuna kukubisa, koma dzanja lotulutsa ndalama chifukwa cha imfa ndinalizindikira.

Mwambo wogoba mapanga opembedzeramo m'matanthwe unayambira ku India, kumene kuli mapanga monga a Ajanta, ndipo unayenda ndi amonke komanso amalonda m'njira zodutsa pakati pa Asia. Unasiya zizindikiro ku Bamiyan m'dziko la Afghanistan, kumene ziboliboli ziwiri zikuluzikulu zinaphwasulidwa ndi a Taliban mu Malichi chaka cha 2001, komanso ku Kizil ndi ku Dunhuang, kumadzulo kwa China. Mafumu a ufumu wa Wei wa Kumpoto sanali Atchaina a mtundu wa Han, anali a fuko la Tuoba la mtundu wa Xianbei, anthu a akavalo ochokera kumpoto, ndipo Chibuda chinawathandiza kulamulira anthu a mitundu yosiyanasiyana. Ubalewo sunali wosalala nthawi zonse, poti m'chaka cha 446 mfumu Taiwu inalamula kuti akachisi agwetsedwe ndipo amonke ambiri anaphedwa. Mdzukulu wake atabwezeretsa chipembedzocho, mmonke wina dzina lake Tanyao anayambitsa, cha m'ma 460, ntchito yosema a Buddha akuluakulu asanu ku Yungang, pafupi ndi likulu la nthawiyo, lomwe lero ndi mzinda wa Datong. Zimene zili m'thanthwe sizipsa ndi moto ngati kachisi wamatabwa, ndipo anthu amene anali ataona akachisi awo akuyaka ankadziwa zimenezo.

Kenaka mfumu Xiaowen inasamutsa likulu kuchoka ku Datong kupita ku Luoyang cha m'ma 493 ndi 494, n'kulamula kuti kubwalo lachifumu anthu azivala ndi kulankhula ngati Atchaina, mpaka inasintha dzina la banja lake kukhala Yuan. Ntchito yosema inasamukira ku Longmen pamodzi ndi bwalolo, ndipo kusintha kwa ndale kumeneku kumaoneka pamwala. A Buddha a m'mapanga oyambirira a Yungang ndi a mapewa otambalala ndi nsalu yomata thupi monga kavalidwe ka ku India, pamene a Wei a ku Longmen ndi ochepa thupi, a nkhope zazitali, ovala mikanjo yolemera ya manja aakulu ngati nduna za Chitchaina. Ine monga wa zomangamanga ndinaonanso mbali ya mwalawo. Ku Yungang kuli mwala wamchenga wofewa, umene umalola kusema zazikulu msanga koma umanyenyeka, pamene ku Longmen kuli mwala wa laimu wolimba ndi wosalala, umene umatopetsa mmisiri koma umasunga kamzere kakang'ono ka tchizulo kwa zaka 1,500.

Titachoka ku Guyang tinabwerera chakumpoto, motsutsana ndi anthu onse, mpaka pamapanga atatu a Binyang. Amenewanso ndi a maliro, koma a mfumu. Xuanwu, mwana wa Xiaowen, analamula m'chaka cha 500 kuti agobe mapanga awiri okumbukira bambo ake ndi mayi ake, ndipo pambuyo pake linawonjezedwa lachitatu la iye mwini. Mbiri yolembedwa ya ufumu wa Wei imanena kuti amisiri anayamba kugoba pamwamba kwambiri, ndipo patapita zaka zingapo akuluakulu anaona kuti ntchitoyo siidzatha, n'kulamula kuti atsikire pansi. Ndinaseka nditamva zimenezi, chifukwa aliyense amene wagwirapo ntchito yomanga amadziwa pulani imene imasinthidwa ndalama zitapita kale. Mbiri yomweyo inasunga chiwerengero cha ntchito yonse kuyambira 500 mpaka 523, chomwe ndi masiku ogwira ntchito 802,366 tikaphatikiza a munthu aliyense, komabe phanga lapakati lokha ndilo linatha. Lakummwera linamalizidwa m'chaka cha 641, mu ufumu wa Tang, ndi kalonga Li Tai pokumbukira mayi ake, ndipo aphunzitsiwo ananena mosabisa kuti kalongayo ankafunanso kuti bambo ake, mfumu Taizong, amuone ngati mwana wabwino woyenera kulowa ufumu, zomwe sizinatheke. Ndinakumbukira ziliza zina zimene ndinaziona kwathu, zomangidwa kuti amoyo aone kuti banjali lili ndi ndalama.

M'phanga lapakatilo, pakhoma la mbali zonse ziwiri za khomo, muli zipsera zikuluzikulu pamene mwala unagobedwa mwankhanza. Pamenepo panali zithunzi ziwiri zosemedwa, china cha mfumu ndi nduna zake, china cha mfumukazi ndi adzakazi ake, onse ali pamdipiti wopita kukapembedza. M'zaka za m'ma 1930 zinagumulidwa zidutswazidutswa, n'kutumizidwa kwa wamalonda wa zinthu zakale ku Beijing, ndipo lero cha mfumu chili ku Metropolitan Museum of Art mumzinda wa New York, pamene cha mfumukazi chili ku Nelson-Atkins Museum mumzinda wa Kansas City. Ulendo woyamba ndinkaganiza kuti ziboliboli zopanda mitu, zomwe ndi zambirimbiri, zinawonongeka ndi mvula. Zina zinawonongekadi ndi madzi, zina ndi nkhondo ndi mazunzo a chipembedzo a m'zaka zakale, koma zochuluka zinadulidwa mitu m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 kuti zikagulitsidwe kunja, ndipo munthu akayang'anitsitsa pakhosi amaona pamene panadutsa tchizulo. Aphunzitsiwo sanakweze mawu pofotokoza zimenezi. Anangoti amene ankagumulawo anali amisiri osauka a m'midzi yapafupi, ndipo amene analemera nazo sanagwirepo nyundo.

Pang'ono kuchokera pamenepo pali malo amene alendo ambiri amawadutsa chifukwa ndi osakongola, koma kwa ine anali sukulu. Ndi gulu la ziboliboli zimene sizinamalizidwe, za nthawi ya ulamuliro wa mfumukazi Wu Zetian. Chapakati chili pafupi kutha, china chili ndi thupi koma nkhope yake ndi yosasalaza, china ndi chimwala chabe chooneka mutu ndi mapewa. Munthu amaona ndi maso ndondomeko yonse ya ntchito: kusalaza thanthwe, kugoba mozungulira kuti chimwala cha thupi chitsale, kutulutsa maonekedwe, kenaka kusalaza. Palibe chimene chinabweretsedwa kuchokera kwina n'kumatidwa, zonse ndi phiri lomwelo, kotero kuti mmisiri akalakwitsa mphuno analibe poibwezera. Akatswiri ambiri amaganiza kuti ntchitoyi inaima ulamuliro wa mfumukaziyo utatha m'chaka cha 705. Kupitirira apo pali phanga la Wanfo, lomalizidwa m'chaka cha 680, lomwe makoma ake ali ndi a Buddha ang'onoang'ono pafupifupi 15,000 okhala m'mizere, ndipo zolembedwa kudenga zimasonyeza kuti oyang'anira ntchitoyo anali akazi awiri, wina wogwira ntchito kunyumba yachifumu, wina mmonke wamkazi.

Tinafika pa Fengxian, pomwe pali chiboliboli chachikulu kuposa zonse, dzuwa litakwera pang'ono. Masitepe ake ndi otsetsereka ndipo amabisa zimene zili pamwamba mpaka munthu atatsala pang'ono kufika, kenaka nkhopeyo imangotulukira. Ameneyu ndi Buddha wotchedwa Vairocana, dzina lonena za kuwala kofika ponseponse, ndipo ndi wamtali mamita 17.14, mutu wokha mamita 4, khutu lililonse mamita 1.9. Mawu olembedwa patsinde pake amanena kuti ntchitoyi inali ya mfumu Gaozong, kuti m'chaka cha 672 mkazi wake Wu Zetian anathandizapo ndi zingwe 20,000 za makobidi kuchokera pa ndalama zake zogulira zodzoladzola, ndi kuti inatha cha kumapeto kwa 675. Makobidi a nthawiyo anali obowola pakati, ngati aja a nthawi ya Chitaganya amene agogo athu ankasunga, ndipo ankawatunga pachingwe, chingwe chimodzi makobidi 1,000. Otsogolera alendo amakonda kunena kuti nkhopeyo ndi ya mfumukaziyo, amene m'chaka cha 690 anadzakhala mkazi yekhayo wolamulira China m'dzina lake monga mfumu, koma aphunzitsiwo anati imeneyo ndi nkhani yongokamba, palibe cholembedwa chakale chimene chimanena choncho.

Chimene ndinachiona ulendo uno, chomwe ulendo woyamba sindikanachiona pakati pa zigongono za anthu, ndi chakuti mutuwo ndi waukulu kuposa muyeso wa thupi ndipo unaweramitsidwa pang'ono, kuti munthu woima pansi aone zonse zili m'malo mwake ndiponso maso a chibolibolicho akumane ndi ake. Kumbali zake kuli ophunzira awiri a Buddha, Kasyapa wokalamba, amene anawonongeka kwambiri, ndi Ananda wachinyamata wa nkhope yofatsa, kenaka a bodhisattva, omwe ndi oyera mtima amene ali panjira yodzakhala a Buddha, ovala mikanda, kenaka mafumu oteteza ndi alonda a minofu yotupa. Mmodzi mwa mafumuwo wanyamula kansanja padzanja ndipo waponda kachiwanda kamene kakuoneka kuti kakulimbana ndi kulemera kwake. Aphunzitsiwo anati ndiyang'ane gulu lonselo ngati bwalo la mfumu ya Tang, mfumu pakati, alangizi pambali, asilikali kumapeto, ndipo kuyambira pamenepo sindinathenso kulekanitsa chipembedzo ndi ulamuliro pathanthwe limenelo. Mabowo amakona anayi amene ali pakhoma ndi a mitanda ya denga lamatabwa limene linawonjezedwa patapita zaka mazana angapo n'kudzatha. Ziboliboli zimenezi sizinali zotuwa monga zilili lero, zinali zopakidwa utoto, ndipo ndinadzawerenga pambuyo pake kuti pa ntchito yokonza malowa m'chaka cha 2022 akatswiri anapeza zizindikiro za golide ndi siliva pankhope ya Vairocana. Mdani wamkulu wa mwala wa laimu ndi madzi olowa m'ming'alu, ndipo amisiri a Tang ankadziwa zimenezi, poti pamwamba pa malowa anakumba ngalande yopatutsa madzi a mvula.

Si mafumu okha amene anasema phiri limeneli. Pali kaphanga ka bungwe la ogulitsa nsalu za silika mumsika wa kumpoto kwa Luoyang, kena ka ogulitsa zonunkhiritsa a mumsika womwewo, kenanso ka anthu ochokera ku Silla, ufumu wakale wa ku Korea. Anthu wamba ankasonkherana, monga timachitira m'magulu athu a chithandizo cha maliro, n'kulembetsa maina awo onse pansi pa chifanizo chimodzi. Pakhomo la phanga lotchedwa Yaofang panalembedwa njira pafupifupi 140 zochizira matenda osiyanasiyana, kuti wodwala wosauka kapena womusamalira adzakopere, poti kuthandiza odwala kunkawerengedwanso ngati ntchito yobala gongde. Kusema kwakukulu kunazilala pakati pa zaka za m'ma 700, makamaka chipanduko cha mkulu wa asilikali An Lushan, chomwe chinayamba m'chaka cha 755, chitagwira mzinda wa Luoyang.

Kwa amene akufuna kupitako, malangizo anga ndi ochepa. Musapite sabata yoyamba ya Okutobala, kapena masiku a tchuthi cha kumayambiriro kwa Meyi, kapena mu Epulo pamene Luoyang amadzaza ndi anthu odzaona maluwa a peony. Sankhani tsiku la mkati mwa sabata ndipo mufike m'mawa, chifukwa phiri la kumadzulo, lomwe lili ndi mapanga ambiri, limayang'ana kum'mawa, ndipo dzuwa likapendeka nkhope zonse zimalowa mumthunzi. Tengani pasipoti, poti tikiti imagulidwa ndi dzina, ndipo ngati ndinu wophunzira funsani ngati khadi lanu likuchepetserani mtengo. Valani nsapato zoyendera, chifukwa masitepe ndi ambiri, ndipo ngati mungapeze magalasi oonera patali atengeni, poti mapanga ambiri amaonedwa muli panja. Koposa zonse pezani munthu wodziwa kuwerenga Chitchaina chakale, ngakhale mnzanu wa m'kalasi amene anaphunzirapo kulemba ndi burashi, ndipo mumupemphe kuti akuwerengereni cholembedwa chimodzi chokha mpaka kumapeto. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mapanga asanu oonedwa modekha amaposa mapanga 100 ojambulidwa mothamanga. Kwa Mkhristu kapena Msilamu amene akuda nkhawa monga ndinkachitira ine, ndinganene zimene ndinaona: palibe amene amakupemphani kugwada kapena kufukiza lubani, ndipo ambiri mwa alendowo si opembedza.

Opembedza alipo ndithu, ndipo tinawapeza titawoloka mlatho kupita tsidya la kum'mawa, pamalo oyang'anizana ndi Vairocana, pomwe phiri lonse limaoneka ngati chisa cha njuchi. Mayi wina wachikulire anali ataima payekha, manja ataphatikiza pachifuwa, akuwerama katatu, milomo ikuyenda popanda mawu omveka. Mnyamata wina anadutsa kutsogolo kwake ndi foni, ndipo aphunzitsiwo anandikoka dzanja kuti ife tidutse kumbuyo. Chimenechonso ndi chofunika kuchidziwa. Tsidya limenelo kulinso kachisi wa Xiangshan ndi manda a mlakatuli Bai Juyi, amene anakhala zaka zake zomaliza ku Luoyang, anathandiza kukonzanso kachisiyo, n'kumwalira m'chaka cha 846. Tinakwera mpaka pamandapo, koma miyendo ya aphunzitsiwo inali itatopa, ndipo tinakhala pabenchi n'kumwa tiyi wa m'fulasiki yawo osalankhula zambiri.

Musitima yobwerera ndinatulutsa kope langa la masamu a konkire n'kulemba kutsamba lomaliza mawu a pachiliza cha bambo: dzina lawo lonse, chaka chobadwa ndi chomwalira, vesi la m'Masalimo limene ankakonda kuliimba, ndi mzere umodzi wonena kuti chamangidwa ndi ana awo ndi adzukulu. Poyamba ndinkafuna kuti maina athu asalembedwepo, koma ndinasintha maganizo n'kuwalemba onse asanu ndi awiri motsatira kubadwa. Aphunzitsiwo anapempha kuti ndiwawerengere m'Chichewa, ngakhale sankamva liwu ndi limodzi lomwe, kenaka anandifunsa kuti mwala wake ukhala wamtundu wanji. Ndinawauza kuti abale agwirizana za simenti yokutira ndi matailosi chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Anapukusa mutu n'kunena kuti zilembo za pasimenti sizidutsa zaka 30, ndipo tisanafike ku Zhengzhou ndinali nditawerengera kale kuti ndiyenera kudzimana miyezi ingati pa ndalama yanga ya mwezi ndi mwezi kuti pakhale kachidutswa ka mwala wa nsangalabwi kolembapo mainawo.